Kadontho Kobiriwira

Anamwino anali kuseri akuyanika zovala pamene anamva amuna awo akuuza mwini golosale kuti m'nyumba mwawo simudzatayikanso kanthu. Mawuwo ankatulukira pawindo la pabalaza, akuluakulu, oyenda pang'onopang'ono, mawu amene Atcheya ankasungira alendo ndi misonkhano.

"Batani limodzi, achimwene. Kompyuta ipse, igwe m'madzi, akuba ainyamule, ine ndingodina batani limodzi, zonse n'kubwerera m'malo mwake ngati sipanachitike kanthu."

Mwini golosale, yemwe anangobwera kudzabweza wilibala, anavomera kuti dziko lapitadi patsogolo. Anamwino anali ndi mapegi pakamwa, choncho sanayankhe, ndipo ngakhale akanakhala opanda mapegi sakanayankha. Munthu amene ankalonjeza zimenezi ndi yemweyo amene m'mawa wa tsikulo anagwedeza nyumba yonse kufuna magalasi ali nawo pamphumi. Komanso pulogalamu ya batani limodziyo inali isanapezeke. Atcheya anali akusankhabe.

Dzina la Atcheyalo analitenga kalekale, pamene anthu a mumsewu wawo anapanga komiti yoti ikwirire maenje. Komiti inafa, maenje anakula n'kubereka ana, koma dzina linakakamira, ndipo mwini wake sanachitepo khama lililonse kuti alichotse. Chipumireni ntchito ku kampani ya inshuwalansi, ankakhala pa kompyuta yawo pakona ya balaza n'kumalemba buku la mbiri ya moyo wawo, lomwe linali litafika mutu wachisanu ndi chinayi iwo asanakwatirebe m'bukumo.

Koma kompyuta imene inkawazunguza mutu sinali yawoyo. Inali m'chipinda cha kumapeto, yofunditsidwa nsalu ya patebulo, ndipo inali ya mwana wawo.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anamutcha Loya asanayambe n'komwe sukulu, chifukwa sankalola mlandu kutha iye asanaikepo mawu omaliza. Anakula n'kukhala mphunzitsi wa masamu, anakwatiwa, anabereka kamtsikana, kenako anadwala. Matenda atakula anabwerera kwa makolo ake kuti mayi ake, omwe anathera zaka zawo zonse m'mawodi a chipatala, amusamale, popeza mwamuna wake ankachoka m'mawa kupita kuntchito. Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi kompyuta yake ya patebulo, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ati azikonzerako mayeso a ana a sukulu akamapezako bwino. Maliro atatha, sutikesi inabwerera kwa mwamuna wake. Kompyuta inatsala.

Loya sankakhulupirira foni. Chilichonse ankasamutsira mu kompyutamo n'kufufuta pafoni kuti pakhale malo. Munali mavidiyo ake akuimbira mwana pomusambitsa, akumuphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, ndiponso nthano zimene anajambula ali chigonere, mawu atayamba kale kuchepa, kuti mwanayo azidzamvera. Zinthu zimenezi kwina kulikonse kunalibe.

Mkamwini anapempha kompyutayo mwaulemu wake abale asanabalalike, ndipo Atcheya anayankha pamaso pa onse kuti ndi yake, palibe wokana, angodikira pang'ono kuti iwo atengeko kaye bakapu. Ambiri mwa abalewo sankadziwa kuti bakapu ndi kukopera zinthu pena kuti zisatayike, koma anagwedeza mitu poganiza kuti ndi mwambo wa anthu ophunzira.

Ataiyatsa kamodzi, isanafike n'komwe potsegula, inayamba kulira m'kati ngati munthu amene akutsonya. Wokonza makompyuta anabwera, anaika khutu pabokosi, n'kuizimitsa msanga. Anati disiki yake ili kumapeto, mwina yatsala ndi ulendo umodzi wokha, ndiye tsiku loiyatsanso likhale tsiku lokopera zonse pa disiki ina. Anadzipereka kuti aitenge akagwirire ntchitoyo ku shopu. Atcheya anakana. Katundu wa mwana wawo sangakagone pakati pa mawailesi akufa ndi mafani othyoka mapiko. Agwira okha. Anagula disiki yapadera, kakang'ono ngati sopo wosambira, n'kuyamba kusankha pulogalamu yokoperera.

Mvula inabwera n'kupita, iwo akusankhabe. Nthawi ya tiyi ankapereka lipoti. Pulogalamu ina inali yabwino koma inkangotola mafayilo n'kusiya zina zonse. Ina inkafuna kuti uziilembetsanso chaka ndi chaka, ndipo ukaiwala sudziwa ngati katundu wako akadali wako. Ina inali ndi mabatani ochuluka ngati kutsogolo kwa ndege. Ina anaikonda kwambiri, anayamba n'kuitchula ngati mnzawo, mpaka anawerenga kuti munthu wina wa kutali, pa tsiku la tsoka lake, atafuna kubwezeretsa zinthu zake, pulogalamuyo inamufunsa mafunso amene sanawamve, iye n'kuyankha molakwika n'kutaya zonse. Atcheya anamulira munthu wosamudziwayo masiku angapo.

"Kusunga aliyense amasunga, ngakhale khoswe amasunga," ankatero akugogoda tebulo ndi supuni. "Nkhani ili pobwezeretsa. Pulogalamu yanzeru ndi imene munthu angaigwiritse ntchito manja akunjenjemera."

Anamwino ankaona kuti pamenepo amuna awo akunena zoona, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa akamanena zopanda pake. Iwo anasunga mwana wawo bwino lomwe. Sanatuluke chilonda cha pabedi ngakhale chimodzi, mankhwala ankamwa pa nthawi yake, mapilo ankatembenuzidwa asanatenthe. Pa kusunga palibe akanawapeza chifukwa.

Tsiku lina anafunsa chifukwa chake sakungokopera mavidiyowo basi, poti ndi amene mkamwini akufuna. Atcheya anawayang'anira pamwamba pa magalasi ngati afunsa chifukwa chake ndege ilibe hutala. Anafotokoza kuti iwo safuna zidutswa. Akufuna chimene akatswiri amachitcha chithunzi cha disiki yonse, choti ukachibwezeretsa pa kompyuta ina, kompyutayo imadzuka ili yomwe ija: chithunzi cha pasikirini chomwecho, mafayilo ali mbwee mmene mwini wake anawamwazira, ngakhale zinyalala zimene anaiwala kutaya. Pofika pa zinyalalapo mawu awo anaterereka pang'ono, ndipo anatsokomola n'kudandaula kuti tiyi watentha kwambiri.

Anamwino sanafunsenso. Anazindikira kuti malinga ngati pulogalamu sinasankhidwe, kompyuta siichoka m'nyumbamo. Ndipo iwo, amene m'mawa uliwonse ankalowa m'chipinda chija ati kukapukuta fumbi, n'kuvundukula nsalu, n'kuika zala pa mabatani a kiyibodi amene zilembo zake zinafufutika ndi zala za mwana wawo, analibe pakamwa poweruzira munthu. Chimwalirireni Loya awiriwa sankaitananso. Zaka zonse anali make Loya ndi bambo a Loya. Tsopano aliyense anangokhala "inu", ndipo nyumba inali yaing'ono moti zinkatheka.

Mkamwini ankayang'anira katundu pa kampani ina yogulitsa mankhwala. Anali munthu wofatsa, wa mtundu uja woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye. Loweruka ankabwera ndi mwana kudzaona agogo, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, n'kufunsa za thanzi la aliyense, kenako tiyi akatsala pang'ono kutha ankati, "Bambo, zija zafika pati?" Atcheya ankamuyankha ndi phunziro lalitali la kusiyana kwa kukopera mafayilo ndi kujambula disiki, iye n'kuthokoza ngati wapatsidwa mphatso, n'kuveka mwana nsapato n'kumapita.

Loweruka lina anabwera yekha, ndipo m'malo mokhala pabalaza anatsatira Anamwino kukhitchini n'kuyamba kupukuta makapu ouma kale. Anati kuntchito akumusamutsira ku nthambi ya kutali, ndipo mwezi ukamatha anyamuka. Anapukuta kapu ina. Kenako anati mwana anamufunsa ngati mayi ake ankalankhula ngati aphunzitsi a ku sukulu ya mkaka kapena ngati mayi uja wa pa wailesi. Iye anayesa kutsanzira mawu a mkazi wake, mwana n'kuseka, n'kunena kuti adadi akunama.

"Amayi, ine ndimaopa kuwakakamiza bambo," anatero. "Koma mwanayu akuiwala ine ndikuona."

Mkamwini atapita, Anamwino anakaima kumbuyo kwa amuna awo, omwe anali atatsegula masamba a mapulogalamu awiri akuwayerekeza ngati wosankha mbuzi pamsika. Anawauza zonse mmene anazimvera, osathira mchere. Atcheya anayamba kunena kuti chinthu chothamangira chimawonongeka, ndipo anali atakweza kale chala kuti apereke chitsanzo cha ku inshuwalansi.

"Bambo a Loya," anatero Anamwino.

Dzinalo linagwa pabalazapo ngati mbale yadothi. Chala cha Atcheya chinatsika chokha.

"Sankhani lero. Ikakhala yoipa, tidzanena kuti tinasankha tonse."

Anasankha tsiku lomwelo, ndipo inapezeka kuti ndi imene anaiona poyambirira penipeni n'kuikana chifukwa inkaoneka yophweka kwambiri, ngati ya ana. Inali ndi mabatani awiri okha akuluakulu, losunga ndi lobwezeretsa. Unkaiika pa fulashi n'kudzutsira kompyuta pa fulashipo, moti disiki yodwala ija sinkafunika kudzuka yokha, inkangogona n'kumawerengedwa.

M'mawa wa tsiku la ntchitoyo Atcheya anavala malaya oyera a manja aatali, ngati akupita kukatsegulira msonkhano. Anavundukula nsalu, analumikiza kadisiki kaja, anayatsa. Kamzere kanayamba kukwawa pasikirini. Disiki inkatsonya, n'kukhala chete, n'kutsonyanso. Anamwino anakhala pa bedi lopanda zofunda, ndipo anapezeka kuti akumvetsera mmene ankamvetserera kupuma kwa odwala: osati phokoso lenilenilo, koma mpata wa pakati pa phokoso ndi linzake. Nthawi zina kamzere kankaima mpaka munthu n'kuyesa kuti kafa, Atcheya n'kuika dzanja pamwamba pa bokosi ngati akumva kutentha kwa thupi, kenako kamzereko n'kusunthanso. Dzuwa litafika pamutu pulogalamu inalemba kuti yamaliza. Anazimitsa kompyuta ya Loya n'kuifunditsanso.

Anamwino ankayembekezera kuti tsopano amva kudzitama, koma Atcheya anati bakapu yosayesedwa ndi mphekesera chabe. Iyenera kubwezeretsedwa pa kompyuta ina kuti munthu aone ndi maso ake ngati ikudzuka. M'nyumbamo munali kompyuta ina imodzi yokha.

Anasamukira pabalaza. Atadina batani lobwezeretsa, pulogalamu inalemba ndi zilembo zofiira kuti zonse zimene zili mu kompyuta imeneyi zifufutika. Anamwino anawerenga pang'onopang'ono, n'kufunsa ngati buku lija analisunga pena. Atcheya anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Munthu amene analalikira msewu wonse za bakapu anali asanakoperepo ngakhale tsamba limodzi la mbiri ya moyo wake. Anamwino anati angathe kuima kaye alisamutsire pena, si ntchito yaikulu.

"Mukandiimitsa pano sindidzayambanso," anatero Atcheya, maso ali pa zilembo zofiirazo. "Komanso m'bukumo mwana wathu anali asanabadwe."

Anadina.

Patapita nthawi kompyuta inazima yokha n'kuyakanso. Loya sankaika mawu achinsinsi. Ankati alibe chobisa, komanso amaiwala. Sikirini inayera, ndipo panatuluka mapazi a mdzukulu wawo atalowa m'nsapato zazitali za mayi ake. Mafayilo anali mbwee, ena pamwamba pa anzawo, ena ndi mayina monga "chatsopano", "chatsopano chenicheni" ndi "ichi ndiye". Pepala la mayeso linadzitsegula lokha pamene analisiyira: sitima ziwiri zikunyamuka kuchokera mbali zosiyana, ina yothamanga kuposa inzake, ndipo chiganizo chinathera pakati. Kamzere kolembera kankaphethira pamenepo.

Atcheya anafuna kunena mawu oyenera munthu wapampando, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndi yomweyo." Anakhala awiriwo osakhudza mausi, ngati anthu amene mbalame yatera pawindo lawo.

Palibe amene anakumbukira kachingwe ka intaneti kamene kanali kolumikizidwa kumbuyo kwa bokosi chigulireni kompyuta ya Atcheya. Kompyutayo tsopano inkadziwa kuti ndi ya Loya, ndipo inachita zimene inkachita nthawi zonse ikadzuka: inatsegula pulogalamu yochezera n'kuuza aliyense womudziwa kuti mwini wake wafika.

Woyamba kuimba foni anali mnzake wa Loya, mphunzitsi wa pasukulu yomweyo, akulira moti mawu sankamveka. Anamwino anangotolapo kuti ayang'ane pafoni. Anayang'ana. Pambali pa dzina la mwana wawo, pa kachithunzi kake katsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa, panali kadontho kobiriwira. Pansi pake panalembedwa kuti ali pa intaneti.

Anamwino anaonapo anthu ambiri akupita ndipo sanaonepo ngakhale mmodzi akubwerera. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi makina. Komabe chala chawo chinapita chokha pamalo olembera, ndipo anatsala pang'ono kufunsa ngati wadya. Anaika foni pamiyendo itayang'ana pansi. Kenako anaitembenuzanso.

Mafoni anatsatana. Msuweni wina anati akuba a pa intaneti alowa, asinthe zonse msanga. Azakhali ena anati asakhudze kanthu, iwo akubwera ndi anthu opemphera. Atcheya ankayankha aliyense kuti zinthu zili m'manja mwawo, ndipo kuti zimenezi zikungosonyeza kuti ntchito yatheka bwino kwambiri. Anagwada n'kupeza kachingweko. Anakagwira, n'kukasiya, n'kukhalanso pampando.

Kenako kompyuta inalira kamodzi, ndipo pakona ya sikirini panatuluka kabokosi kakang'ono kokhala ndi dzina la mkamwini. Munali mawu amodzi okha: "Ndiwe?"

Awiriwo anawerenga. Kabokosi kanakhalapo pang'ono n'kuzimiririka kokha.

Mkamwini sanaimbe foni. Galimoto ya kampani inaima mopingasa pageti, tayala limodzi lili m'ngalande. Mnzake wa Loya uja anafika pambuyo pake, choko chikadali m'manja, ndipo mwini golosale, ataona maimidwe a galimotoyo, anatseka shopu n'kubwera kudzafunsa ngati kuli bwino. Mkamwini analowa osagogoda, osapereka moni, koyamba chilowereni m'banjamo. Anayang'ana sikirini, mapazi a mwana wake, mafayilo omwazika aja, kenako apongozi ake.

Atcheya anaimirira n'kuyamba lipoti. Anati zonse zapulumuka, mavidiyo onse, nthano zonse, palibe chimene chatayika.

"Chilipo," anatero mkamwini.

Analankhula motsitsa, akuyang'ana foni yake. Anati m'mawa uliwonse asanaponde pansi ankatsegula pamene ankachezera ndi mkazi wake. Mauthenga sankawerenga, ankawadziwa pamtima. Ankangoyang'ana kamzere ka pansi pa dzina, kamene kamanena tsiku ndi nthawi imene munthu anaoneka komaliza. Linali tsiku limene Loya anamulembera kuti pobwera agule malalanje, iye n'kuyankha kuti ali m'njira. Kamzereko kanaima pamenepo miyezi yonseyi, ndipo malinga ngati kanali pamenepo, iye anali akadali m'njira ndi malalanjewo.

"Mukazimitsa apa, bambo, padzalembedwa kuti anaoneka lero. Tsiku lija lapita."

Pakamwa pa Atcheya panatseguka, ndipo Anamwino anaona mawu akuti "tibwezeretsa" akukwera pakhosi pawo, akufika pamilomo, n'kumezedwanso. Kamzereko sikanali mu kompyuta iliyonse ya m'nyumbamo. Kanali kutali, m'makina a eni pulogalamu yochezerayo, ndipo kumeneko kunalibe batani lawo.

Mwini golosale anayamba kuwerenga matailosi a pansi. Anamwino anakhala ndi amuna awo zaka zonsezo, ndipo anawamvapo akupepesa kwa mabwana ndi kwa apolisi apamsewu, koma osati kwa munthu wamng'ono kwa iwo. Atcheya anamanga batani la pakhosi la malaya awo, n'kulimasulanso.

"Mwana wanga, chinthu ichi chinali chanu kuyambira tsiku lija ndinanena pamaso pa anthu. Wochigwira ndine. Lero ndakuwonongerani china chimene sindingathe kukubwezerani. Pepani." Anatembenukira kwa alendo awiri aja. "Inu mwamva. Kompyutayi ndi yake, ndipo achoka nayo lero."

Mkamwini, ulemu wake utayamba kubwerera, anati koma iyi ndi ya bambo, ya Loya ili kuchipinda. Atcheya anati ya kuchipindayo ndi bokosi chabe tsopano, lingathe kufa mawa; yamoyo ndi iyi, ndipo mwana sangamvere nthano pa chinthu chotsonya.

Mnzake wa Loya anapukuta maso n'kudzipaka choko patsaya, ndipo anafunsa ngati sangatsegule kaye kavidiyo kamodzi, kakafupi, kuti onse amveko. Palibe chimene Anamwino ankafuna pa dziko lapansi kuposa chimenecho. Onse anayang'ana kwa iwo, ndipo anadzimva akunena kuti ayi, woyamba kumva akhale mwana. Akuluakulu anamva kale mawuwo zaka zambiri.

Panatsala kuzimitsa. Mkamwini anatambasula dzanja n'kulibweza. Atcheya anakumbukira mwadzidzidzi kuti pakufunika katoni, n'kuyamba kuyang'ana kuseri kwa mipando kumene sikunakhaleko katoni chiyambire. M'mawodi ntchito za mtundu umenewu zinkagwera anamwino, madokotala atatuluka, abale ataima kukhoma. Anamwino anagwada kuseri kwa tebulo, anapeza kachingwe kaja pakati pa fumbi, n'kudikira. Mkamwini anayang'ana kadontho pafoni yake nthawi yaitali, ndipo palibe anamufulumizitsa. Atagwedeza mutu, iwo anazula. Kenako anadzuka, anasunga pepala la mayeso mmene linalili, sitima zake zisanakumane, n'kuzimitsa kompyuta bwinobwino.

Atcheya anakana thandizo. Ananyamula bokosilo okha mpaka pageti, akupumira m'mwamba, malaya oyera aja akutola fumbi lonse la pansi pa tebulo. Mphunzitsi ananyamula sikirini atakumbatira, mwini golosale n'kutsatira ndi kiyibodi ndi zingwe zikukwekwereka. Atcheya anaika bokosi pa mpando wa kutsogolo, analimanga lamba, n'kukoka kawiri kuti aone ngati lagwira. Pomaliza anatulutsa m'thumba kadisiki kaja n'kukapereka ndi manja awiri.

Mkamwini anakalandira, anakatembenuza, n'kukabwezera m'manja momwe kanachokera.

"Aka katsale kuno, bambo. Zonse zisamagone nyumba imodzi."

Atcheya anafuna kunena kuti mfundo imeneyo ndi yolondola ndipo akatswiri amaivomereza, koma anangogwedeza mutu. Mphunzitsi ndi mwini golosale anathandiza kukankha galimoto kuti tayala lituluke m'ngalande. Mkamwini anatsitsa galasi n'kunena kuti asananyamuke abwera ndi mwana kudzatsanzika, ndipo anapita pang'onopang'ono, akuzemba maenje.

M'nyumba munalibenso makina otha kutsegula kadisikiko. Atcheya anaima pageti atakagwira, akuyang'anabe kumene galimoto inalowera. Anamwino anawalanda mofatsa n'kukaika m'thumba la diresi. Kanali kakadali kofunda.